Chikhadabo cha M'kapepala ka Malume

9 Januwale

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Kaya uli bwanji kozizira kumeneko? Ife tili bwino, kupatula malume ako, amene monga ukudziwa sanakhalepo bwino chibadwire.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni ya m'nyumba muno imagona m'thumba mwa bambo ako pamodzi ndi misomali ya nsapato. Ukaimba amayankha ndi iwo, amati "tonse tili bwino," n'kudula, n'kubwerera kokasoka. Nkhani yeniyeni singadutse pamenepo.

Nkhani ndi iyi. Chaka chatha malume ako anadwala mtima, impso, ndi chinthu china chimene chimayenda kuchokera paphewa kukafika m'bondo. Madokotala sanapeze kanthu. Tsopano zatsikira ku zikhadabo za kuphazi. Koma ulendo uno ndaona ndi maso anga: zakhuthala, zachita chikasu, zikungofumbutuka ngati buledi wa dzana. Amavula sokosi ife tikudya kuti tione.

Anamva kuti ntchito yako ndi yoyang'ana khungu ndi zikhadabo pa makina okuza zinthu aja, ndiye akuti avutikirenji pamene mwini zikhadabo ali m'banja momwemuno? Akufuna akutumizire. Bambo ako anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Zaka khumi kusukulu kuti azikawenga anthu zala!" Usawamvere. Kwa makasitomala awo amanena zina.

Tiuze ngati zinthu zotere zimayenda pa positi. Utiuzenso ngati ukudya mokwanira, chifukwa pachithunzi chija khosi linatalika.

Ndine mayi ako.

24 Januwale

Amayi,

Kalata yanu ndailandira ndi manja awiri. Muli bwanji nonse? Nanga msana uja unaleka? Simunautchule, ndipo mukapanda kutchula chinthu ndimadziwa kuti chilipo. Ine ndili bwino. Dzuwa la kuno limatuluka ngati munthu wochita kukakamizidwa.

Muwauze bambo kuti sindiwenga anthu zala. Odwalawo sindiwaona n'komwe. Ndimakhala m'kachipinda kopanda windo, ndipo amandibweretsera tizidutswa ta khungu ndi ta zikhadabo m'timabotolo. Chikhadabo timayamba tachinyika m'mankhwala kuti chifewe. Tikatero timachiika m'phula, ndipo phulalo likauma makina amachidula tizigawo topyapyala kuposa khoko la anyezi. Kagawo kamodzi timakayala pa kagalasi, kukapaka utoto, kenako ine ndimayang'ana pa maikulosikopu. Masiku ena kagalasi kamodzi ndimakayang'ana ola lathunthu osatsimikiza chimene ndikuona. Anzanga amatsimikiza msanga. Sindidziwa ngati iwowo ali anzeru kapena ineyo ndili wamantha.

Ndapempha abwana anga, mayi wa imvi amene sapitirira mawu khumi pa tsiku, ndipo avomera kuti zikhadabo za malume zilowe m'dongosolo ngati za wodwala wina aliyense. Malume awenge mbali imene ikuoneka yodwalayo, aike m'kapepala kouma, osapakapo chilichonse. Pakapepalapo palembedwe mwini wake. Zimenezi ndikuchonderera, amayi. Pansi pa maikulosikopu palibe nkhope. Chimene chalembedwa pakapepala ndi chimene ine ndimakhulupirira.

Ndikudya. Khosi ndi la kwa bambo.

Mwana wanu.

8 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Tikhulupirira kalata ino ikupeza uli wamoyo. Msana ulipo, sunapite kulikonse.

Mu envulopumu upezamo timapepala titatu, osati kamodzi. Ndinaganiza kuti popeza envulopu ikuyenda kale, bwanji tonse tisakwere? Changa ndawenga cha chala chapakati, chimene chimang'aluka ndikamachapa. Malume ako anawenga awo pakhonde anthu akuonerera, ndipo chidutswa china chinadumpha n'kukagwera m'kapu ya tiyi ya mlendo. Bambo ako poyamba anakana, akuti zikhadabo zawo zilibe mlandu ndi munthu. Kenako mawa lake anasintha maganizo okha, n'kukawenga ali kogwirira ntchito kwawo, chitseko chotseka.

Okulunga ndi olemba ndi iwowo. Anandilanda zonse, akuti ine ndimalemba ngati nkhuku ikupalasa, ndipo alamu awo manja amanjenjemera. Anamata ndi guluu wa nsapato, ndiye potsegula usamale.

Malume ako akuti ufulumire. Akuti akumva kuti zafika mu akakolo.

Mayi ako.

Iwe Dokotala wa Zikhadabo, ndine bambo ako. Ukapeza golide m'changamo undibwezere.

2 Malichi

Amayi ndi Bambo,

Muli bwanji? Ndayesa kuimba kawiri. Bambo ayankha kuti nonse muli bwino, ndipo nditati ndilankhule ndi malume anati foni yatsala pang'ono kuzima. Choncho ndikulemba, ndipo chonde kalata ino muwerenge nonse atatu.

Ndiyambe ndi zopepuka. Amayi, chikhadabo chanu chilibe matenda. Chatopa ndi sopo basi.

Bambo, golide mulibe. Muli mafangasi, tizomera tonga nkhungu ya pa buledi. Tikatipaka utoto timaoneka ngati tiulusi tofiira topiringizana, ndipo mwa inu tadzaza ngati munachita kudzala. Si zoopsa. Ndalemba dzina la mankhwala pakapepala kena. Mukaonetse kuchipatala.

Za malume ndizo zandivuta kulemba. M'kachidutswa kawo muli mzere wakuda. Mzere wotere ambirife timakhala nawo ndipo suvulaza. Nthawi zina amangokhala magazi, munthu atadzimenya ndi hamala. Ndinayeza, si magazi. Ndi utoto umene thupi limapanga lokha, koma wachuluka, ndipo pakati pake pali zotsalira za maselo amene sayenera kupezeka m'chikhadabo. Ndinayang'ana masiku awiri, kenako ndinaitana abwana. Anayang'ana kanthawi kochepa n'kunena kuti, "Muzu uonedwe. Msanga."

Sindikunena kuti ndi khansa. Chikhadabo chowenga sichingatiuze zimenezo, chimangokhala ngati utsi. Moto, ngati ulipo, uli kumuzu, pamene chikhadabo chimamerera. Dokotala wa khungu ayenera kudulapo kachidutswa kuti kayezedwe. Ikakhala khansa ya mtundu umenewu, kuipeza msanga ndiye kupulumuka. Kuchedwa, imayamba yatenga chala, kenako imapita kwina.

Lipoti ndaikamo. Malume apite sabata ino. Muwauze mofatsa, mukuwadziwa mtima wawo.

Mwana wanu.

19 Malichi

Mphwanga wokondedwa, mwana wa mlongo wanga,

Moni wa chimwemwe! Uli bwanji, dokotala weniweni yekhayo amene dziko lino linabala? Ine ndili monga ukudziwira, ndipo tsopano aliyense akudziwa.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza anthu kuti m'thupi mwangamu muli chinthu. Ankati ndimaganiza kwambiri. Namwino wina anafika pondipatsa moni wakuti, "Lero ndi chiwalo chiti, bambo?" Lero ndili ndi pepala, la chidindo, lochokera kunja. Ndalikutira m'pulasitiki. Anthu a kutchalitchi abwera kawiri. Mayi ako akundiphikira padera. Phazi ndimaliika pakampando, ndipo ntchito yosesa pabwalo ndaitula pansi.

Mzere wakudawo ndaufufuza zala zonse ndi tochi, sindinauone. Ndikuganiza kuti wabisala mkati. Matenda anga amakhala ochenjera.

Amene andidabwitsa ndi alamu anga, bambo ako. Ndinkayembekeza kuti andiseka monga mwa masiku onse, koma angoti zii. Dzulo andibweretsera okha pilo. Mankhwala awo a mafangasi anakagula tsiku lomwelo, ndipo amapaka kumapazi m'mawa uliwonse atakhala poonekera, akuimba nyimbo. Mapazi awowo osalala ngati a mwana. Ndinati, "Alamu, mafangasiwo ali pati?" Iwo amvekere, "Mwana wanena. Inu ndi ine ndife yani?"

Dokotala wa khungu amabwera Lachinayi lokha, ndipo andilembera la pa 28. Ndachapitsa suti.

Undilembere dzina lonse la matendawa m'zilembo zikuluzikulu. Anthu akumafunsa.

Malume ako, wodwala.

30 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Uli bwanji? Kuno kwagwa maliro opanda mtembo.

Tinapita Lachinayi. Dokotala anawerenga lipoti lako, nkhope inasintha, n'kuwauza malume ako kuti avule nsapato. Anayang'ana zala zonse makumi awiri ndi kagalasi kowala. Anabwerezanso. Kenako anati, "Bambo, inu muli ndi mafangasi basi. Mzere mulibe. Chikhadabo chimene chafotokozedwa apachi si chanu."

Malume ako anati ayang'anenso. Dokotala anati wayang'ana. Iwo anati mwina ndi wachinyamata kwambiri. Ndinachita kuwakoka ndi jekete. Titafika kunyumba anangochotsa kampando kaja n'kukagona chakumaso kukhoma. A kutchalitchi atamva anabwera kudzathokoza Mulungu, iwo anakana kutuluka.

Ine mutu wanga waima. Dokotala uja anati mwina ku labotale kwanuko munasokoneza timapepala, akuti zimachitika. Nditawauza bambo ako anati, "Basi, makina alakwitsa, nkhani yatha," n'kuyatsa wailesi. Koma mwana wanga, ine sindinapite patali ndi sukulu, komabe kuwerengera ndimatha. Tinalipo atatu. Changa chinali chotopa ndi sopo. Mafangasi apezeka kwa malume ako. Ndiye mzerewo watsala kwa yani?

Bambo ako chala chachikulu cha kudzanja lamanja amachimanga pulasitala kuyambira chaka chatha. Amati singano imawabaya. Ndinati ndione, anati guluu akuuma.

Yankha msanga.

Mayi ako.

15 Epulo

Bambo,

Muli bwanji? Kalata ino ndi yanu. Ndikudziwa kuti foni simundipatsa mpata, ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Ndalakwitsa. Kalata ya amayi itafika ndinaiwerenga nditaimirira m'khonde la kuntchito. Timapepala tanu ndinatsegula ndine. Manambala ndinalemba ndine. Ndayesa kukumbukira m'mawa umenewo: guluu uja anandivuta, ndinatenga lumo, wina anandiitana, ndinatembenuka. Mwina ndi pamenepo. Pa ntchito yathu palibe tchimo loposa limeneli. Munthu ukhoza kulephera kuzindikira matenda, anzako amakuthandiza. Koma kupatsa munthu matenda a mnzake, ndiye kuti wina adulidwa popanda chifukwa, wina atsala kunyumba akuyesa ali bwino.

Ndinapita kwa abwana n'kudzinenera ndekha. Anandimvetsera osaphethira. Anati ndisasainenso lipoti lililonse kufikira nkhaniyi itafufuzidwa. Tsopano ndimakhala pambali, kusanja timagalasi takale m'madirowa. Kuyambira kale ndinkadziwa kuti tsiku lina adzazindikira kuti malo ano sakundiyenera. Sindinkadziwa kuti adzazindikirira pa chala cha bambo anga.

Kagalasi kaja ndakayang'ananso. Kunsi kwa chikhadabocho kuli tiulusi ta nayiloni ndi tinyenyeswa ta chikopa. Poyamba ndinkayesa litsiro chabe. Malume sanasokepo nsapato. Ndi chanu, bambo, ndipo chifukwa cha ine mwataya mwezi ndi theka.

Ndikhululukireni. Koma musandilange pokhala pakhomo. Chotsani pulasitalayo, amayi aone, ndipo Lachinayi likubwerali mupite.

Mwana wanu.

1 Meyi

Iwe mwana,

Moni. Ndili bwino. Leka kulira m'madirowa a anthu.

Kalata ino ukaonetse abwana akowo, uwamasulire liwu ndi liwu. Ine, wosoka nsapato, wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndikunena kuti mwana wanga sanasokoneze kanthu. Timapepala ndinasintha ndine, dala, ndili bwinobwino, nditatseka chitseko. Changa ndinalembapo "Malume," cha alamu ndinalembapo "Bambo." Amubwezere mpando wake.

Ufunsa chifukwa. Tamvera. M'nyumba muno munali anthu awiri: wina wakhala akufunafuna matenda zaka makumi awiri osawapeza, wina ali nawo koma sakuwafuna. Ine ndinangokonza zinthu kuti aliyense alandire chimene mtima wake ukufuna. Ukanawaona alamu anga masabata atatu amenewo! Ananenepa. Sindinawachitirepo chabwino chotere chikwatire mlongo wawo.

Komanso ndinkafuna kudziwa, osadziwika. Ndinati mwana akati palibe kanthu, ndichotsa pulasitala mwakachetechete. Akati chilipo, ndiye kuti ndamva, ndipo palibe wondikokera kuchipatala. Sindinaganize zoti dokotala adzawerenga zala za alamu ngati ndalama.

Mzerewo unayamba ngati ulusi. Tsopano uli ngati chingwe cha nsapato, ndipo kuda kwake kwatulukira pakhungu la m'mbali. Mayi ako aona. Sanandilankhule masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu analankhula zokwanira masiku onse atatu.

Koma kuchipatala sindipita. Ndinamuona mnzanga wokonza matayala uja: analowa ndi chilonda chakuphazi, anatuluka ndi ndodo. Iwo akaona chinthu amadula. Iwe ukudziwa ntchito ya chala chimenechi? Ndicho chimakankha singano. Ndicho chimamva ngati chikopa chili chabwino kapena chachinyengo. Ndicho chinakulipirira sukulu imene ukundiopsezera nayoyi. Wosoka nsapato wopanda chala chachikulu ndi munthu wongokhala pakati pa nsapato za eni ake. Sichikupweteka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine sindinamve kanthu.

Mankhwala a mafangasi aja ndawapatsa eni ake. Anatsala theka.

Bambo ako.

16 Meyi

Malume,

Muli bwanji? Mankhwala mukupaka? Pepani chifukwa cha zonse zimene zinakuchitikirani. Munalandidwa chinthu pamaso pa anthu, ndipo ndikudziwa kuti zinawawa.

Ndikuuzani chinsinsi, chifukwa inu ndi ine tonse anatipusitsa munthu mmodzi. Kalata yodzinenera ija, yopita kwa bambo, ndinailemba ndi mtima wonse, ndikulira. Koma ndisanaiponye, abwana anandiitana. Kuno phukusi lililonse limajambulidwa likangotsegulidwa, ine ndinali nditaiwala chifukwa cha mantha. Pachithunzipo kapepala kolembedwa "Malume" kanali kale ndi kachikhadabo kopyapyala ka mzere wakuda. Abwana anati, "Si iwe. Bwerera kuntchito." Ndinatuluka, kalata ili m'chikwama. Ndinaima pa positi nthawi yaitali. Kenako ndinaiponya momwemo, osasintha liwu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Koma bambo anaulula, ndiye mwina magazi awo ndili nawo ochuluka kuposa mmene ndimaganizira.

Tsopano atsala n'kupita, ndipo ine ndalephera. Ndawalembera kawiri. Ndawauza zoona: kuti sindingalonjeze kuti chala chitsala, koma kuti akapita lero mwina adzangochotsa chikhadabo, pamene akadikira Disembala adzachotsa chala, ndipo akadikira kuposa apo chala sichidzakhalanso nkhani. Sanayankhe. Pa foni akuti nonse muli bwino.

Malume, palibe munthu amene amachidziwa chipatala chija kuposa inu. Mukudziwa khomo lolowera, benchi yoyandikira chitseko, nthawi imene makadi amatengedwa, namwino woyenera kumupatsa moni. Anthu akhala akukusekani chifukwa cha zimenezi. Ine lero ndikuzipempha. Njira yake sindikuuzani. Ndinu mlamu wawo, mukudziwa pamene pamawanyerenyetsa.

Lachinayi lililonse limene likudutsa ndimaliwerenga.

Mphwanu.

3 Juni

Mwana wanga,

Moni. Uli bwanji? Khala pansi, ndikuuze zimene malume ako achita, chifukwa ine ndaseka mpaka msana unaiwala kupweteka.

Atawerenga kalata yako anadzuka, kusamba, kuvala suti ija, n'kutenga lipoti lawo la m'pulasitiki. Anakalowa kogwirira ntchito kwa bambo ako n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Ine ndinali pakhomo ndi beseni, ndinamva zonse.

"Alamu, ndabwera kudzatenga katundu wanga."

"Katundu wanji?"

"Matenda anga. Pepala ili likuti ndi anga. Mwalemba ndinu, ndi dzanja lanu. Lachinayi ndikupita nawo kwa dokotala. Tsoka lake ali pachala chanu, ndiye mundinyamulira."

Bambo ako anati achoke. Iwo anati sasiya katundu wawo ndi munthu wosadalirika. Anakhala pomwepo tsiku lonse. Kasitomala akalowa, iwo amayamba: "Mwabwera ndi nsapato? Ine ndikudikira matenda anga, awo ali apowo. Poti mwakhala kale, ndikufotokozereni za impso." Mayi wina anathawa ndi nsapato imodzi. Tsiku lachiwiri anabwera ndi zithunzi zawo zonse za m'chifuwa za zaka khumi, n'kumazionetsa padzuwa. Tsiku lachitatu anavula sokosi.

Lachitatu madzulo bambo ako analowa m'khitchini n'kunena kuti, "Kuli bwino andidule dzanja lonse kusiyana n'kumvanso za impso." Anayesa kuseka, koma anakhala pampando nthawi yaitali akuchiyang'ana chalacho, akuchipinda n'kuchiwongola. Ndinangowasitira malaya.

Kuchipatala malume ako anali ngati mwini nyumba. Alonda kuwapatsa moni, wosesa kuwafunsa za bondo. Tinali achiwiri pamzere. Dokotala uja atawaona anagwira mutu, iwo amvekere, "Lero ndabwera ndi chala chake." Atachotsa pulasitala, dokotala sanasekenso. Anabaya jakisoni n'kudula kachidutswa kumuzu tsiku lomwelo. Bambo ako anagwira dzanja la alamu awo nthawi yonseyo. Akuti ukamva zimenezi ndi bodza.

Zotsatira akuti masabata atatu. Pemphera.

Mayi ako.

29 Julayi

Dokotala,

Moni. Uli bwanji? Ukaona zilembo zikuyenda ngati woledzera usadabwe, cholembera ndikuchigwira mwa njira yatsopano.

Mayi ako anakuuza pa foni, poti masiku ano foni inasamukira m'chikwama mwawo, koma ndikufuna umve kwa ine. Inali khansa. Akuti inali ikadali pamwamba, isanayambe kukumba. Dokotala anati miyezi ina isanu ndi umodzi tikanakamba nkhani ina. 

Anachotsa chikhadabo chonse pamodzi ndi muzu wake, sichidzameranso. Pamalopo anaikapo chigamba cha khungu lochokera pantchafu panga. Ndinachiyang'anitsitsa atamasula bandeji. Chikopa anasankha bwino, koma kasokedwe kake, mwana wanga! Mipata yosiyana, mfundo poonekera. Ndinamuuza kuti akanakhala wophunzira wanga akanabwereza. Anati ndibwere miyezi itatu iliyonse kuti azidzaona, ine ndinati ndizibwera kuti ndizidzamuphunzitsa.

Kachidutswa kaja anandionetsa pa makina ngati akowo, nditachita kupempha. Ndinaona timadontho tabulauni tomwazikana ngati nyerere zosokonezedwa. Ndinafunsa kuti mwana wanga anaona zimenezi m'kachikhadabo kowenga? Anati anaona zochepa kuposa apa, ndipo ambiri sakanaziona. Chinachake chinandilowa m'maso, muja mumanunkha mankhwala.

Dzulo ndasoka nsapato yoyamba. Ntchito ya ola limodzi yanditengera tsiku lonse, ndipo misomali ing'onoing'ono sindingathe kuitola patebulo. Amanditolera ndi alamu, amene sanachokebe pa benchi paja. Akuti akuyang'anira katundu wawo. Ndinathawa mpeni, ndapeza mlamu.

Za kalata yako ya misozi ija alamu anandiuza zonse, chinsinsi kwa iwo chimakhala maola awiri. Unandigwira bwino. Sindikwiya. Ndikanakhala ine ndikanawonjezera kuti akuthamangitsa m'nyumba.

Mawu anga ndikudziwa kuti masiku ano sagula kanthu kwa iwe. Ndiye m'malo mosaina ndapaka chalacho polishi wakuda n'kudinda pansipa, uone wekha kuti chilipo.

Bambo ako.

Mwana wanga, ndine mayi ako. Podinda ndinalipo, ndipo malume ako ndinawatulutsa panja. Ndi chawo.